Kukonza masewera a chiwembu pa tebulo la nkhondo za m'tsogolo

Pa masewera a tizidole ta asilikali, monga Warhammer 40,000 ya kampani ya Games Workshop, chiwembu chimasiyana ndi nkhondo wamba. Oukira sabwera kudzapha aliyense. Amalowa, kutenga chomwe adzera, n'kutuluka eni malo asanasonkhane. Choncho musanalembe nkhani ya zombo ndi maloboti, tengani tepi muyeze mtunda ndi nthawi, chifukwa masewera onse agona pamenepo.

Tebulo la masentimita 90 mbali zonse likukwana kwa asilikali khumi mbali iliyonse. M'malamulo ambiri msilikali wapansi amayenda mainchesi 6, omwe ndi masentimita pafupifupi 15, pa raundi (nthawi imene mbali iliyonse imasuntha asilikali ake kamodzi). Ikani chofunidwacho, tinene bokosi la zinsinsi za m'kompyuta, pakati penipeni. Oukira ayambire masentimita 15 kuchokera m'mphepete mwawo. Atsala ndi 30 kuti alifike, ndiwo maraundi awiri. Kutsegula bokosi ndi raundi imodzi. Kutuluka ndi masentimita 45, maraundi atatu. Zonse pamodzi ndi 6, ndiye masewera akhale a maraundi 7. Raundi yapaderayo ndi yofunika kwambiri: popanda iyo, msilikali wonyamula bokosi akangogwa kamodzi zonse zatha, ndipo osewera amaziona msanga n'kutaya mtima. Mukapereka maraundi 9, oukira amayamba apha alonda onse mosapupuluma, chiwembu n'kusanduka nkhondo wamba.

Oteteza asayambe onse pa tebulo. Ikanipo alonda anayi, aliyense asapitirire masentimita 20 kuchokera pa bokosi, ndipo ena 6 adikire kunja. Alamu ilire mfuti ikawombedwa kapena mlonda akaona mdani poyera pa mtunda wosaposa masentimita 20. Ngati sizinachitike, ilire yokha poyamba raundi yachitatu, kuti woteteza asangokhala manja lende. Ikalira, msilikali aliyense wakunja amuponyere dayisi ya mbali 6 poyamba raundi iliyonse, ndipo alowe ikagwa 4, 5 kapena 6. Mwayi wake ndi theka, kotero mwa 6 aja yembekezerani atatu ulendo woyamba. Alowere mbali yoyang'anana ndi ya oukira. Mukawalola kutulukira kumbuyo kwa oukira, njira yothawira imatsekeka bokosi lisananyamulidwe n'komwe.

Samalani ndi dayisi yotsegulira bokosi. Lamulo loti litseguke pa 3 kapena kuposa limalephera kamodzi pa katatu, ndipo kulephera kawiri motsatizana kumadya raundi yapadera ija ndi inanso. Lembani kuti likakanika koyamba, raundi yotsatira litseguke popanda dayisi. Wonyamula akagwa, bokosi likhale pomwepo ndipo mnzake alitole akalikhudza.

Zobisalamo zikhale 8 mpaka 10, zosachepera masentimita 7 m'mwamba kuti zitchinge kachidole ka mamilimita 28. Mukaziyala, weramani muike diso m'mphepete mwa tebulo, pa msinkhu wa mutu wa kachidole. Mukaona mpata wowongoka wopitirira masentimita 45, utsekeni, apo ayi msilikali mmodzi wa mfuti yowombera patali alamulira tebulo lonse. Siyani njira zitatu zofikira pa bokosi: yaifupi koma yapoyera, yaitali yobisika, ndi ina yodutsa m'kati mwa nyumba. Bokosilo lizioneka kuchokera mbali ziwiri zokha.

Zomangira sizisowa mu Mzuzu muno. Zitini za mkaka zimakhala matanki a mafuta, zidutswa za mapaipi a PVC za kumahadiweya zimakhala ngalande, ndipo zitsekerero za mabotolo n'zabwino posonyeza alamu ndi bokosi. Vuto ndi chinyezi chathu. Katoni imafewa n'kupindika nthawi ya mvula ngakhalenso m'mawawa a June ndi July, choncho ipakeni guluu wamatabwa wosungunula ndi madzi mbali zonse ziwiri, iume tsiku lathunthu musanaipente. Kupaka mbali imodzi ndiko kumaipinditsa. Thovu loyera lija lotchingira ma TV m'makatoni musalipopere penti wa sipureyi, amalisungunula. Gwiritsani burashi ndi penti wamadzi.

Mapointi atsate cholinga. Oukira apeze 2 akatsegula bokosi, 3 akatuluka nalo, ndi 1 ngati theka la gulu lapulumuka. Oteteza apeze 4 bokosi likatsala pa tebulo pomaliza, ndi 1 pa adani atatu alionse ogwetsedwa. Mukapereka pointi pa mdani aliyense wophedwa, anthu amaiwala bokosi.

Kenaka sewerani kawiri ndi mnzanu, mukusinthana mbali, ndipo lembani raundi yomwe alamu inalira ndi yomwe bokosi linanyamulidwa. Mbali imodzi ikapambana maulendo onse awiri mosavutikira, sinthani chinthu chimodzi chokha. Yambani ndi dayisi ya asilikali akunja: ikhale 5 kapena 6 ngati oukira akupanikizika, kapena 3 kupita m'mwamba ngati akungodutsa. Chiwerengero cha asilikali chikhale chomaliza kuchikhudza.