Chimene Pulogalamu Yatsegula Chitsekedwe: Malangizo pa Kagwiritsidwe Ntchito ka with mu Python

Pulogalamu iliyonse imene imagwira ntchito yooneka imabwereka zinthu kwa kompyuta. Ikafuna kuwerenga lipoti imapempha Windows kapena Linux kuti iitsegulire fayilo, ikafuna kusunga mayina a alimi imapempha kulumikizidwa ku database, ndipo ikafuna kutumiza uthenga pa intaneti imatsegula socket, khomo lolumikizirana ndi makompyuta ena. Zinthu zimenezi zili ndi malire ake ndipo zimayenera kubwezedwa ntchito ikangotha. Malangizo ano akupita kwa inu amene mukulemba mapulogalamu mu Python muno mu Lilongwe, kaya m'maofesi a ku City Centre, m'mabungwe osonkhanitsa malipoti a zaumoyo ndi zaulimi, kapena pa laputopu yanu kunyumba. Mfundo yake ndi yakuti musamadalire kukumbukira kwanu pa nkhani yotseka zimene mwatsegula, koma ntchitoyo muziipereka kwa context manager, chinthu cha mu Python chimene mawu a `with` amachigwiritsa ntchito poyeretsa ntchito ikatha, pa mzere womwewo umene mwatsegulira.

Ambiri tinaphunzira kulemba mizere itatu: woyamba wotsegula fayilo, wachiwiri wogwira ntchito, wachitatu woitana `close()`. Malinga zonse zikuyenda bwino, njira imeneyi ilibe vuto. Koma tiyerekeze kuti mukuwerenga fayilo ya CSV yochokera ku ofesi ya kumudzi, ndipo mlembi anasiya bokosi la chiwerengero cha matumba a feteleza lopanda kanthu. Pulogalamu ikayesa kusandutsa bokosi lopanda kanthulo kukhala nambala, Python imadzutsa `ValueError` n'kudumpha mizere yonse yotsala, kuphatikizapo mzere wa `close()` uja. Zimachitikanso popanda cholakwika chilichonse: mnzanu wa mu ofesi amabwera patapita miyezi, n'kuwonjezera `return` pakati pa function, osaona kuti m'munsimo muli mzere wotseka umene tsopano sudzafikiridwanso.

Kuopsa kwa vutoli n'kwakuti silioneka tsiku limene lachitika. Zili ngati mpope umene watsegulidwa madzi atasiya, munthu n'kuuiwala chifukwa sukudontha, kenako madzi n'kubwera usiku anthu onse ali mtulo. Pa makompyuta ambiri a Linux, pulogalamu imodzi imaloledwa kukhala ndi mafayilo 1024 otsegula nthawi imodzi ngati malirewo sanasinthidwe, ndipo ma socket amawerengedwa pa chiwerengero chomwecho. Pulogalamu yaing'ono yogwira ntchito kamodzi n'kutuluka sifika pamenepo, koma ya pa seva imene imayenda usana ndi usiku, ikamasiya fayilo imodzi yotsegula pa pempho lililonse, imadzaima ndi uthenga wakuti `Too many open files`, ndipo mzere umene udzaonetsedwe kuti walephera nthawi zambiri sudzakhala umene unayambitsa vutolo. Pa Windows, amene maofesi athu ambiri amagwiritsa ntchito, fayilo imene Python yaigwira imakana kufufutidwa kapena kusinthidwa dzina. Database ya PostgreSQL ikangoikidwa kumene imalola malumikizidwe 100, choncho pulogalamu imodzi yosabweza malumikizidwe ingathe kutsekereza kunja ena onse. Palinso nkhani ya zolembedwa: Python simatumiza ku diski chilembo chilichonse nthawi yomweyo, imayamba yazisonkhanitsa mu buffer, malo osungiramo kwa kanthawi mu memory, moti fayilo yosatsekedwa ingapezeke yopanda mizere yake yomalizira pamene pulogalamu ina ikuiwerenga.

Wina anganene kuti wakhala akulemba osatseka mafayilo ndipo sanaonepo vuto. Zimenezi n'zotheka, chifukwa CPython, amene ndi Python amene ambirife tili naye, amawerenga malo amene akugwiritsa ntchito chinthu chilichonse, ndipo chiwerengerocho chikafika pa 0 amachichotsa, fayilo n'kutsekeka. Koma limeneli si lonjezo la chiyankhulo cha Python. PyPy, amene ndi mtundu wina wa Python, sachotsa zinthu nthawi yomweyo. Ngakhale mu CPython momwemo, exception (chizindikiro cha cholakwika, monga `ValueError` uja) imene yasungidwa penapake imagwirizira zonse zimene zinali mu function yolepherayo, ndipo mu Jupyter, momwe ambiri amasanthuliramo malipoti, dzina lililonse limene mwapanga limakhala lamoyo mpaka mutayambitsanso kernel, pulogalamu imene imayendetsa khodi yanu m'menemo.

Njira yakale yothetsera vutoli ndi `try` ndi `finally`, ndipo ikugwirabe ntchito, kungoti imatalikitsa khodi ndipo imadalirabe munthu kukumbukira kulemba zoyenera m'munsimo. N'chifukwa chake Guido van Rossum, amene anayambitsa Python, ndi anzake anakonza chikalata cha PEP 343, chimene chinabweretsa mawu a `with` mu Python 2.5 m'chaka cha 2006. Kalembedwe kake ndi aka:

```python
with open("malipoti.csv", encoding="utf-8") as f:
    for mzere in f:
        werengera(mzere)
```

Pulogalamu ikatuluka m'mizere yolowetsedwa m'kati ija, fayilo imatsekedwa, kaya yatuluka chifukwa ntchito yatha, chifukwa cha `return` kapena `break`, kapena chifukwa cha exception.

Ndi bwino kudziwa zimene zikuchitika pansi pake, chifukwa zolakwika zambiri zimachokera pa kuganiza kuti `with` amatanthauza kutseka basi. Context manager ndi chinthu chilichonse chokhala ndi ma method awiri, `__enter__` ndi `__exit__`. Python akafika pa mzere wa `with` amaitana `__enter__`, ndipo chimene yabweza ndicho chimapatsidwa dzina lolembedwa pambuyo pa `as`. Potuluka amaitana `__exit__` n'kuipatsa zinthu zitatu: mtundu wa exception imene yachitika, exception yeniyeniyo, ndi mbiri ya mizere imene inadutsamo. Ngati palibe chalakwika, zitatu zonsezi zimakhala `None`. Chimene `__exit__` imachita nazo chili kwa amene anailemba. Ya fayilo imatseka fayilo, ya `threading.Lock` imamasula loko kuti ma thread ena, zigawo za pulogalamu zoyenda nthawi imodzi, alowe, ndipo ya `tempfile.TemporaryDirectory` imafufuta foda yonse ya kanthawi ndi zonse za m'kati mwake. Ngati mukulemba class yanu, samalani ndi chimene `__exit__` ikubweza, chifukwa ikabweza `True` exception imamezedwa ndipo pulogalamu imapitiriza ngati palibe chachitika. Pa pulogalamu yowerengera ndalama, cholakwika chomezedwa chotero n'choipa kuposa pulogalamu yoima poyera.

Chitsanzo chimene chimasokoneza ngakhale anthu odziwa ntchito ndi cha `sqlite3`. Munthu amalemba `with sqlite3.connect("banki.db") as db:` n'kuganiza kuti database itsekedwa potuluka, monga zimachitikira ndi fayilo. Sizitero ayi. Context manager ya kulumikizidwa kwa SQLite imayang'anira transaction, gulu la zosintha zimene zimatengedwa ngati ntchito imodzi: zonse zikayenda bwino imachita commit (kusunga zosinthazo), chinachake chikalephera imachita rollback (kuzibweza mmene zinalili), koma kulumikizidwako kumakhalabe kotsegula. Khalidwe limeneli ndi lothandiza kwambiri mukalimvetsa. Taganizirani pulogalamu yosunga mabuku a banki m'khonde, imene popereka ngongole iyenera kuchotsa ndalama m'thumba la gulu n'kulemba ngongoleyo pa dzina la membala. Ntchito ziwirizi ziyenera kuchitika zonse kapena zisachitike n'komwe, apo ayi tsiku logawana ndalama mabuku sadzagwirizana ndipo msungichuma adzakhala pa mlandu umene sanapalamule. Kuti mupeze zonse ziwiri, kuteteza transaction ndi kutseka, gwiritsani ntchito `closing` wa mu `contextlib` kunja, ndi `with db` m'kati:

```python
with closing(sqlite3.connect("banki.db")) as db:
    with db:
        db.execute("UPDATE thumba SET ndalama = ndalama - ?", (50000,))
        db.execute("INSERT INTO ngongole VALUES (?, ?)", (membala, 50000))
```

Mzere wachiwiri wa SQL ukalephera, K50,000 ija imabwerera m'thumba, kenako database imatsekedwa. Amene mumagwiritsa ntchito PostgreSQL dziwani kuti psycopg2, library yolumikizira Python ku PostgreSQL, imachita chimodzimodzi ndi `sqlite3`, pamene psycopg 3 imatsekadi kulumikizidwa potuluka. Choncho musanadalire context manager ya library iliyonse, werengani zimene olemba ake ananena kuti imachita potuluka.

Kulakwitsa kwina kofala ndi kutulutsa kunja chinthu chimene chikudalirabe fayilo. Function imatsegula fayilo ndi `with`, n'kubweza `csv.reader` wake, ndipo woitanayo akayamba kuwerenga amakumana ndi uthenga wakuti `I/O operation on closed file`, chifukwa `csv.reader` sawerenga kanthu mpaka atapemphedwa mzere. Werengani zonse mukadali m'kati, kapena lolani woitanayo kuti ndiye atsegule fayilo. Mbali inayo, musaunjike ntchito yonse m'kati mwa `with`. Ngati mwagwira loko kapena transaction, musamadikire yankho la pa intaneti muli m'katimo, makamaka pa netiweki yathu imene nthawi zina imachedwa, chifukwa ena onse ofuna chinthu chomwecho adzadikira nanu limodzi.

Mafayilo awiri kapena atatu angathe kutsegulidwa pa mzere umodzi wa `with` powalekanitsa ndi koma, ndipo amatsekedwa kuyambira yomaliza kutsegulidwa. Pamene chiwerengero chake sichikudziwika pasadakhale, monga pophatikiza malipoti ochokera m'maboma 28 a dziko lino pomwe ena sanatumize, `contextlib.ExitStack`, amene anabwera mu Python 3.3, amasunga chilichonse chimene mwatsegula, ndipo fayilo ya boma la Dowa ikakana kutseguka, amatseka onse amene anatseguka kale. Olemba khodi ya `asyncio` ali ndi `async with` kuyambira mu Python 3.5. Ziyankhulo zina zili ndi njira zake za ntchito yomweyi: Java ili ndi try-with-resources kuyambira mu Java 7 ya 2011, C# ili ndi `using`, ndipo Go ili ndi `defer`.

Tsopano pali malire amene ife a kuno tiyenera kuwaganizira kwambiri kuposa mmene mabuku ambiri amachitira. Context manager imagwira ntchito pokhapokha Python akadali moyo. Magetsi akazima pa kompyuta yopanda batire kapena UPS, `__exit__` siitanidwa. Siitanidwanso pulogalamu ikaphedwa ndi `kill -9`, kapena ikalandira SIGTERM, chizindikiro choiuza kuti iime, musanakonze zoilandira, zimene zimachitika seva ikamaimitsa mapulogalamu. Kuwonjezera apo, kutsegula fayilo ndi `"w"` kumafufuta zonse zimene zinalimo nthawi yomweyo, musanalembe ngakhale chilembo chimodzi. Ndiye kuti magetsi akazima muli pakati polemba, lipoti lakale lapita ndipo latsopano ndi lodukiza. Ngakhale `close()` weniweniyo amangopereka zolembazo kwa Linux kapena Windows, amene angathe kuzisunga kaye mu memory asanazilembe pa diski.

Mankhwala ake ndi kulemba mu fayilo ya kanthawi, kukakamiza kuti zolembazo zifike pa diski, kenako n'kusintha dzina. Popeza ndondomekoyi ili ndi masitepe angapo osavuta kuiwala, ndi malo abwino olembera context manager yanuyanu, ndipo `contextlib.contextmanager` amakulolani kutero ndi function wamba:

```python
@contextmanager
def lemba_mosamala(dzina):
    kanthawi = dzina + ".tmp"
    try:
        with open(kanthawi, "w", encoding="utf-8") as f:
            yield f
            f.flush()
            os.fsync(f.fileno())
        os.replace(kanthawi, dzina)
    finally:
        if os.path.exists(kanthawi):
            os.remove(kanthawi)
```

Zonse zimene zili pamwamba pa `yield` zimachitika polowa, ndipo za m'munsi mwake zimachitika potuluka. Exception ikachitika mu khodi ya wogwiritsa ntchito, Python amaidzutsira pa mzere wa `yield` pomwepo, choncho `os.replace` amadumphidwa, lipoti lakale limatsala losakhudzidwa, ndipo `finally` amachotsa fayilo ya kanthawi. Apa m'pamene ambiri amapunthwa: akalemba `yield` popanda `try` ndi `finally`, mizere yoyeretsa imadumphidwa pa nthawi ya vuto, ndipo context manager yawo imakhala ndi matenda omwe aja a mizere itatu. Magetsi akazima pakati, fayilo ya `.tmp` idzatsala mu foda, koma dzina lenileni lidzakhala likuloza lipoti lathunthu. Onetsetsani kuti fayilo ya kanthawi ili mu foda imodzi ndi yeniyeniyo, chifukwa `os.replace` angalephere ngati mafayilowo ali pa madiski osiyana. Ngati zimene mukusunga zimasinthidwa pafupipafupi, maganizo anga ndi akuti musavutike ndi mafayilo, zisungeni mu SQLite, amene ali ndi journal, fayilo yothandiza pa ntchito yobwezeretsa transaction yodukizidwa database ikatsegulidwanso.

Kwa amene mwalandira khodi yakale yolembedwa ndi ena, musayambe ndi kusintha mzere uliwonse. Yendetsani kaye pulogalamuyo ndi `python -X dev`, ndipo Python adzaonetsa `ResourceWarning` pa fayilo kapena socket iliyonse imene yachotsedwa isanatsekedwe, machenjezo amene masiku onse amakhala obisika. Kuyambira mu Python 3.13, kulumikizidwa kwa `sqlite3` kosatsekedwa kumaperekanso chenjezo lomweli. Mukawonjezera `-X tracemalloc`, chenjezolo limatchula mzere umene chinthucho chinatsegulidwira. Pa seva ya Linux, lamulo la `lsof -p` lotsatiridwa ndi nambala ya pulogalamu limaonetsa zonse zimene yagwira. Liyendetseni m'mawa, mulibwerezenso madzulo, ndipo ngati mndandandawo ukungokula pamene ntchito sinachuluke, mayina amene akubwerezedwa m'menemo ndiwo adzakuuzani malo oyamba kuikapo `with`.