Kuyeza ngati munthu akusuta chamba pothawa zoopsa zomwe anakumana nazo

Funso loti "mumasuta ndudu zingati pa tsiku?" ndi lofunika, koma palokha silingakuuzeni chomwe chikumusutitsa munthu. Anyamata awiri akhoza kumasuta ndudu zitatu aliyense. Wina amasutira pagulu, akucheza ndi anzake. Winayo amadzuka 2 koloko usiku thukuta lili kamukamu, atalotanso matope a namondwe Freddy akukokolola nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, n'kukayatsa yekha kuseri kwa khitchini. Pa pepala chiwerengero n'chimodzi, koma thandizo lawo ndi losiyana kutalitali. Mlangizi wa zaumoyo kapena mphungu ayeze zinthu zitatu: kuchuluka kwa chamba, kukula kwa mabala a mumtima, ndi chingwe chomwe chamanga ziwirizi.

Yambani ndi malo. Lamulo la 2020 linaloleza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale chokha. Chosuta n'choletsedwabe, ndiye munthu amene akuopa kuti mukamuneneza kupolisi adzakubisirani. Khalani pomwe mawu samveka kunja, ndipo nenani poyera kuti, "Achimwene, zomwe tikambe pano n'zokuthandizani inu, sizipita kupolisi."

Kuchuluka kwake muyeze ndi kalendala. Jambulani masiku 30 apitawa, muike kaye masiku osaiwalika monga la msika, la malipiro, la maliro kapena Lamulungu, kenako mubwerere m'mbuyo tsiku ndi tsiku kuyambira dzulo. Apa ambiri amalakwitsa polemba "ndudu imodzi" osafunsa zambiri. Ndudu yogawana anthu anayi si yofanana ndi yosuta wekha, ndipo ena amasakaniza ndi fodya. Mupempheni akuonetseni ndi chala utali ndi kunenepa kwake, funsani ankasuta angati, ndiponso ndalama zomwe amawononga pa sabata, chifukwa ndalama munthu saiwala msanga. Mowa ndi kachasu zilembedwe pa kalendala yomweyo. Ngati muli ndi fomu ya ASSIST ya World Health Organization, yoyezera kagwiritsidwe ntchito ka mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, yomwe imafunsa kwambiri za miyezi itatu yapitayi, pa chamba mapointi 0 mpaka 3 ndi chiopsezo chochepa, 4 mpaka 26 chapakati, 27 kupita m'mwamba chachikulu. Kuyeza mkodzo sikukuthandizani pa ntchito iyi: kwa wosuta tsiku lililonse chamba chimaonekabe patapita milungu ingapo, ndipo mkodzo sunena chifukwa.

Za mabala a mumtima gwiritsani ntchito mafunso asanu a fomu yotchedwa PC-PTSD-5, younikira anthu omwe anakumana ndi zoopsa, oyankha eya kapena ayi, okhudza mwezi wapitawu. Amafunsa za maloto oopsa kapena maganizo obwera osawaitana, kupewa malo ndi zinthu zokumbutsa, kukhala tcheru ndi kudzidzimuka wamba, kuuma mtima n'kudzipatula kwa anthu, komanso kudziimba mlandu. Akavomera atatu kapena kuposa, afunika kuunikidwa mozama. Musamukakamize kufotokoza zonse zomwe zinachitika. Wogwiriridwa, wopulumuka pa ngozi ya minibasi kapena wothawa nkhondo wa ku Dzaleka akangoti "zinandichitikira", n'zokwanira pa tsiku loyamba. Kukumba nkhani popanda nthawi yomukhazika mtima pansi kumamubweza kunyumba ali wosokonezeka, ndipo usiku womwewo asuta kuposa kale.

Gawo lachitatu ndilo mtima wa ntchito yonseyi, musalithamangire. Bwererani pa kalendala, musankhe masiku atatu omwe anasuta kwambiri ndi atatu omwe anasuta pang'ono kapena sanasute. Pa tsiku lililonse funsani kuti, "Ola limodzi musanayatse, munali kuti, munali ndi yani, ndipo m'thupi munkamva bwanji?" Musafunse kuti "mumasuta kuti muiwale, eti?" chifukwa munthu waulemu angovomera kuti asakutsutseni. Musiyeni atchule yekha. Mukamva zoti mvula itayamba kugunda pa malata, mtima unathamanga, tulo sitinabwere, anadutsa pamalo pomwe zinachitikira, lembani mawu akewo momwe wawanenera.

Kenako mupatseni pepala la masiku 14 la mizere inayi: nthawi yomwe wasuta, chomwe chinachitika asanasute, kukula kwa mantha kapena nkhawa asanasute kuyambira 0 mpaka 10, ndi kukula kwake patatha ola limodzi. Kwa wosadziwa kulemba, nyemba khumi zimagwira ntchito: amatapa zochuluka molingana ndi kulemera kwa mtima wake, wachibale amene wamusankha yekha n'kulemba chiwerengerocho. Pobwera nalo, werengani maulendo onse omwe anasuta, ndi angati mwa iwo anatsatira chizindikiro cha zoopsa zija. Akasuta maulendo 20, ndipo 14 mwa iwo ali yekha usiku atalota zoopsa, chamba chasanduka pothawira pake. Yang'ananinso m'mawa wotsatira. Nkhawa imatha kutsika kuchoka pa 8 kufika pa 3 ndudu ikatha, koma ikabwerera pa 8 tsiku ndi tsiku kwa milungu iwiri, muonetseni pepalalo aone yekha kuti bala silikupola.

Chosokoneza chachikulu ndi chibaba. Wosuta tsiku lililonse akasiya, pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu amayamba kupsa mtima msanga, kusowa tulo, kusafuna chakudya ndi kulota maloto achilendo. Izi zimakula m'sabata yoyamba n'kumachepa pofika sabata yachiwiri, ngakhale vuto la tulo limatha kufika mwezi. Chamba chimapondereza gawo la tulo lomwe munthu amalotamo, ndiye chikachoka malotowo amabwerera mwamphamvu. Mukayeza m'masiku amenewa mudzaganiza kuti mabala a mumtima aja akula, iyenso adzati popanda chamba sangakhale. Muchenjezeni asanasiye, ndipo mubwereze mafunso asanu aja pakatha mwezi.

Pali zina zosadikira pepala la masiku 14. Mufunseni mwachindunji ngati amaganiza zodzipha. Akavomera, kapena ngati akumva mawu omwe ena sakuwamva, kapena akukhulupirira kuti anthu akumulondalonda, asapite yekha: aperekezedwe ndi wachibale tsiku lomwelo kwa wa zachipatala woona za matenda a maganizo pa chipatala cha boma, amene angamutumize ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kalendala ija ipite naye.