Malangizo osamalira ekiselo yakutsogolo ya thalakitala yaing'ono ya 4WD

Abale athu a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amene mumagula mathalakitala ang'onoang'ono kuno ku Lilongwe, kaya ndi Kubota, Yanmar, Iseki kapena Mahindra, mabuku ake amabwera m'Chingerezi ndipo aja ogwira kale ntchito ochokera ku Japan ambiri amafika opanda buku n'komwe, ndiye nazi m'Chinyanja zimene opanga amalangiza pa ekiselo yakutsogolo. Muwawerengerenso madalaivala anu, poti ndi iwowo amene amakhala pa chiwongolero tsiku lonse.

Musayende pa tala mutalowetsa 4WD, ija yochititsa kuti matayala onse anayi azikoka. Mathalakitalawa alibe difu yapakati (magiya olola kuti matayala akutsogolo ndi akumbuyo azizungulira pa liwiro losiyana), mukalowetsa 4WD shafiti imamanga kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi, komanso opanga anachita dala kuti matayala akutsogolo azithamangako pang'ono kuposa akumbuyo, mwina 1 mpaka 5 peresenti, kuti azikoka osati kumangokankhidwa. M'munda zimenezi zilibe vuto chifukwa dothi limalola tayala kuterereka pang'ono, koma pa tala tayala limagwira zolimba, ndiye mphamvu yonse ija imakathera mkati, kudya mano a magiya, mano a shafiti ndi mabeyaring'i, matayala nawonso n'kumatha msangamsanga. Inu amene mumaiyendetsa pamsewu kuchokera ku Kanengo kudzera M12 mpaka ku Mchinji n'kuwoloka pa Mwami, chotsani 4WD musanatuluke pageti. Chitsulo chake chikakana kutuluka musachikhome ndi mwala kapena kuchikoka ndi paipi, imani, pondani kilatchi, bwererani m'mbuyo pang'ono, chimasuka chokha.

Lowetsani 4WD polima, m'matope, mumchenga, komanso potsika chitunda pang'onopang'ono ndi ngolo yodzaza chimanga, chifukwa mabuleki ali kumbuyo kokha ndipo 4WD ndi imene imathandiza kuti akutsogolo agwire nawo. Polowetsa thalakitala ikhale itaima, osati matayala akumbuyo akupalasa kale m'thope.

Nkhani ya matayala ndi imene imatiwawa kwambiri, chifukwa munthu amaononga ekiselo ya ndalama zambiri akuganiza kuti wapulumutsa pang'ono. Tayala lakutsogolo likaphulika ena amangogula lililonse lokwana pa limu, ena mpaka la galimoto, koma kukula kwa matayala akutsogolo ndi akumbuyo kunawerengedwa mogwirizana ndi magiya a mkati. Mukaika lalikulu kutsogolo limathamanga mopitirira, mukaika laling'ono limakankhidwa ndi akumbuyo, konseko magiya akuvutika ngakhale m'munda momwe. Werengani manambala a m'mbali mwa tayala, mwachitsanzo ma Kubota ena ndi 7-16 kutsogolo ndi 11.2-24 kumbuyo, mugule omwewo, ndipo akutsogolo musinthe onse awiri limodzi. Mpweya nawonso ukhale wofanana mbali zonse.

Ekiselo yakutsogolo ili ndi oyilo wakewake, si wa injini uja ayi, ndipo ndi amene amaiwalika kwambiri. Imikani thalakitala pamalo osatsetsereka, masulani bawuti yoonera, oyilo azifika pakamwa pa bowolo. Thirani oyilo wa magiya wa SAE 80W-90 kapena amene buku lanu likunena, pa ma Kubota ambiri amasinthidwa maola 400 aliwonse, ndipo pokhuthula musaiwale mabawuti a pansi pafupi ndi tayala lililonse. Oyilo akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka ndiye kuti mwalowa madzi, izi zimachitika kwambiri m'dzinja kwa amene mumalima m'madambo ndi kuwoloka mitsinje, musintheni tsiku lomwelo. Mukapezamo tizidutswa tachitsulo tomveka ndi zala, musathire watsopano n'kupitiriza, itanani makaniko atsegule.

Madzulo mukaweruka yang'anani kumbuyo kwa tayala lililonse, chotsani udzu, mapesi, mawaya ndi zingwe za matumba zokulungika pamenepo, zimenezi zimadula siilu, kalabala kotchinga kuti oyilo asatuluke. Mukaona limu yanyowa oyilo mkati, sinthani siilu mwachangu, ndi kachinthu kotchipa koma mukakasiya oyilo amatha, fumbi n'kulowa, beyaring'i n'kuphwanyika, tizidutswa take n'kulowa m'magiya basi zonse zapita.

Nthawi ndi nthawi kwezani kutsogolo ndi jeke, muikepo mitengo yolimba yochirikiza chifukwa jeke yokha imaphonya, kenako gwirani tayala pamwamba ndi pansi muligwedeze. Likamagogoda, beyaring'i yatha kapena mabawuti a limu amasuka. Pakati pamene ekiselo imapendekera pali bawuti yolimbitsira, pakalekerera matayala amanjenjemera poyenda. Pakani girizi m'manipo onse, timilomo tija tolowetsera girizi.

Amene muli ndi loda kutsogolo musanyamule mopitirira muyeso wolembedwa, ikani cholemera kumbuyo kuti katundu yense asatsamire pa ekiselo yaing'onoyo, ndipo musapinde chiwongolero mpaka kumapeto fosholo ili yodzaza mchenga kapena manyowa. Difu loko, ija yomanga matayala awiri kuti azizungulira limodzi, ndi ya matayala akumbuyo, musaiponde pokhota.

Nanga mukalowetsa 4WD koma akutsogolo osakoka, kukungomveka kulira kwa zitsulo pansi? Makaniko asathamangire kutsegula difu, ayambe wachotsa chivindikiro cha shafiti yopita kutsogolo, nthawi zambiri ndi kakapula kolumikiza shafiti kamene katha mano kapena kapini kake kathyoka, ndipo kameneka n'kotsika mtengo kwambiri kusiyana ndi magiya. Koma phokoso likachokera pafupi ndi tayala, kugogoda pokhota kapena malowo kutentha kwambiri, chotsani 4WD, siyani ntchito. Giya yothyoka mano musaiwotcherere, sichedwa kuthyokanso n'kuononga inzake yomwe imalumana nayo, ndipo magiya olumana amasinthidwa onse awiri. Poitanitsa masipeya kuno ku Lilongwe kapena ku Lusaka tumizani pa WhatsApp chithunzi cha kapuleti kolembedwa mtundu ndi nambala ya thalakitala, muwerengenso mano a giya yakale, chifukwa aja ochokera ku Japan magiya ake amatha kusiyana ndi a misika ina ngakhale kunja akuoneka ofanana.