Air fryer kapena uvuni wamagetsi? Yambani mwaganiza za chambo

Kuno ku Salima ndiwo yathu ndi nsomba, ndiye poyambira ndi pomwepo. Air fryer, chipangizo chamagetsi chokazingira ndi mpweya wotentha, ili ndi kadengu kakang'ono, chambo chachikulu cha ku Senga Bay sichilowamo chathunthu, mpaka muchidule. Koma pa chipisi, nthuli za nkhuku kapena usipa, palibe choiposa. Imatentha msanga, mafuta ndi supuni imodzi basi, kutsuka kwake n'kosavuta.

Uvuni wamagetsi waung'ono wa ntchito zingapo, wokhala ndi fani mkati, ndi wa banja lalikulu. Nsomba ziwiri zimagona bwinobwino pathireyi, mawa muphikiremo masikono kapena chigumu. Vuto lake umachedwa kutentha, motero mayunitsi amapita ambiri, ndipo mu Okutobala khitchini imasanduka ng'anjo. Ngati mulipo awiri kapena atatu, ine ndingati tengani air fryer.

Zonse ziwiri zimakoka mphamvu pafupifupi mawati 1,500, choncho kainiveta ka sola ka magetsi owunikira sikangazikwanitse. Onaninso pulagi: zochokera ku Joni zimabwera ndi mano obulungira osalowa m'masoketi athu, ndipo maadaputala otchipa amasungunuka.