Momwe mungaphunzirire za zojambula ndi zosema zamakedzana muli pakhomo

Foni, bandulo pang'ono, kope ndi pensulo n'zokwanira kuti muyambe. Ambiri amalakwitsa poyamba n'kuloweza zaka ndi mayina a mafumu, sabata isanathe atopa. Zaka zidikire kaye.

Choyamba, sankhani chinthu chimodzi chokha. Pa intaneti pali Smarthistory, tsamba laulere la mbiri ya zojambula ndi zosema, komanso tsamba la Metropolitan Museum of Art, nyumba yosungiramo zaluso ya ku New York. Tinene kuti mwatola chithunzi cha pakhoma la manda a ku Egypt.

Musathamangire kuwerenga mawu ali m'munsi mwake. Chiyang'anitsitseni mphindi khumi, kenako chijambuleni m'kope, ngakhale muli ndi dzanja lolemera ngati langa. Pojambulapo ndi pamene mudzaone kuti mutu wa munthuyo wayang'ana kumbali koma diso lake lili pa inu, chifuwa chili chamaso, miyendo yapotolokeranso kumbali. Mwini manda ndi chimphona, antchito ake ndi tianthu tofika m'mawondo. Sikuti wojambulayo zinamukanika ayi, msinkhu unkasonyeza udindo.

Mukatero dzifunseni kuti chinthuchi chinali cha ntchito yanji. Kwa ine funso lalikulu ndi limeneli. Asilikali adothi a ku Xi'an, ku China, omwe alimi anawatulukira pokumba chitsime mu 1974, sanawumbidwe kuti anthu aziwasirira. Anakwiriridwa kuti azilondera mfumu Qin Shi Huang, yomwe inamwalira mu 210 BC. Matchalitchi 11 a ku Lalibela, ku Ethiopia, alibe njerwa ngakhale imodzi. Anawasema m'thanthwe kuchokera pamwamba kutsikira pansi, ndipo anthu akupempheramo mpaka lero.

Tsopano nthawi ya zaka ija yakwana. Lembani mzere wautali pakati pa kope ndipo chilichonse mwaphunzira muzichiika pamalo pake molingana ndi zaka zake. Mudzadabwa kuona Lalibela, tchalitchi cha Chartres ku France chomwe anachimanganso chitapsa mu 1194, mitu ya mkuwa ya ku Ife ku Nigeria ndi mbalame zamiyala za ku Great Zimbabwe zitayandikana pamzerepo.

Pomaliza siyani foni mukwere basi ya ku Dedza. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula zapamiyala, omwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, osaka nyama akale. Zoyera zambiri ndi za Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina Nyau. Pitani ndi wokulondolerani wakomweko, kope lija lili m'manja, ndipo chonde musagwire thanthwe kapena kuthirapo madzi kuti utoto uwale pojambula ndi foni. Zoterozo zimafufuta utotowo.