Mukufuna usilikali? Yambani ndi kuphunzira kugwa

Anyamata ndi atsikana ambiri kuno ku Dedza amene akulakalaka kulowa MDF, gulu la asilikali a dziko lino, amalawirira kuthamanga chitunda cha phiri la Dedza, ndipo amachita bwino. Koma msilikali amaphunziranso kulimbana ndi mdani popanda mfuti, ndipo pamenepo chofunika kuyamba nacho ndi kugwa osavulala. Ngakhale m'masewera ogwetsana a judo, amene Jigoro Kano anayambitsa ku Japan mu 1882, wophunzira amayamba kudziwa kugwa asanagwetse mnzake.

Choyamba pezani malo ofewa. Bwalo la mpira nthawi ya chilimwe limauma gwa, ndiye yalani matiresi akale kapena sankhani pa kapinga, mutole miyala yonse. Tenthetsani thupi mphindi 10, makamaka khosi ndi mapewa, poti kuzizira kwa kuno mu Juni kumaumitsa minofu.

Tsopano kugwa chagada, ndipo apa musafulumire. Nyonyomalani, chibwano chigunde pachifuwa, maso ali pamchombo. Gubuduzikirani kumbuyo msana uli wopindika. Msana ukangofika pansi, menyani pansi ndi mikono yonse iwiri, zikhatho zitayang'ana pansi, mikono itatalikirana pang'ono ndi nthiti, uku mukutulutsa mpweya. Mutu usakhudze pansi ngakhale pang'ono. Thupi lidzafuna kuponya dzanja kumbuyo kuti litsamire, koma likanizeni, chifukwa ndi mmene anthu amathyokera pamfundo ya dzanja kapena fupa la paphewa. Muzichita chonyonyomala mpaka zizolowereke, kenako muyese choimirira. Kugwera m'mbali n'chimodzimodzi, kungoti mumamenya pansi ndi mkono umodzi.

Podzuka musapereke msana. Dzanja limodzi litchinge kumaso, lina ligwire pansi, mubweze mwendo kumbuyo n'kuimirira mukumuona mdani.

Mukafika apa mutha kupeza mnzanu wa msinkhu wanu. Akugwireni pamkono, inu mupotokole mkonowo n'kuusolola cha kumene kuli chala chake chachikulu, pakuti mpamene pali mpata. Mugwirizane musanayambe kuti wina akamenya pansi kawiri, mnzake asiye pompo.

Zokanyanga pakhosi ndi zolanda mipeni, chonde musaziyese potengera mavidiyo a pafoni. Munthu amakomoka m'masekondi ochepa akafinyidwa pakhosi, ndipo ena sadzukanso. Zimenezo zimafuna mlangizi wodziwa ataima pomwepo, ndipo mukatengedwa usilikali mukawapeza alangiziwo ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima.