Phale la madzi ndi mtengo umodzi: kubweza mbalame pakhomo

Akuluakulu a ku Ulongué ndi ku Dómuè amakumbuka mmene pumbwa ndi timba ankawadzutsira mbandakucha. Lero m'makomo ambiri mumangomveka tambala. Mitengo yathera ku makala ndi ku zigafa za fodya, osaka mbewa amatentha tchire chaka ndi chaka, ndipo bwalo timalisesa kuti mbee. Mbalame itera pati, idya chiyani?

Yambani ndi madzi, poti safuna ndalama. Mu Okutobala, kuchigwa cha Zambezi monga ku Moatize, kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo zithaphwi zonse zimakhala zitauma. Tengani phale la mphika wosweka, muliike pachitsa pamthunzi, poti mphaka sangabisale pafupi. Madzi akhale ochepa, osapitirira masentimita 3 kuya, ndipo muikemo mwala woti phwiti aziterapo. Muzitaya ndi kuthira ena pakapita masiku awiri, kuopa kuweta udzudzu. Phale limeneli likhale kutali ndi pomwera nkhuku chifukwa cha chitopa.

Mtengo wa masau, mkuyu, mpoza kapena mabulosi ukakhala pakhomo, usiyeni. Kuseri kwa nkhokwe siyaniko kangodya kosasesa. M'masamba owola ndimo mumakhala tizilombo timene mbalame zimadyetsa ana awo, ngakhale zija zodya njere.

Tsono nkhani ya kadzidzi. Ndikudziwa zimene timanena akalira padenga usiku, ndipo sindikufuna kukangana ndi agogo. Koma taimani pansi pa mtengo umene amagona, mufukule timibulu timene amalavula: mupezamo ubweya ndi tizigaza ta makoswe, omwe aja amaboola matumba a chimanga. Mukatchera makoswe ndi mankhwala, khoswe wofooka amagwidwa ndi kadzidzi, naye n'kufa. Msampha ndi diwa zilibe vuto limenelo.

Chimodzimodzi ndi mbozi za ntchemberezandonda zimene zinatifika mu 2017. Musapope mankhwala mwachizolowezi, yambani mwayendera chimanga, ndipo ngati n'kamunda ka pakhomo, mbozi ndi mazira ake fwanyani ndi manja.

Ena munena kuti mpheta zimatha mapira. N'zoona, ndipo kuingitsa ndi zitini sikulakwa. Koma anyamata a legeni ndi ulimbo auzeni kuti nyengo ya mvula, pamene mbalame zambiri zili pa mazira, zisa azisiye, ndipo paphale paja pasatcheredwe kanthu.